Mmene Tinkalidziwira Boma Tili Ana

Ana anga, inu amene masiku ano mumachokera kusukulu makope atadzaza ndi mawu a boma, mukutchula bwinobwino za Nyumba ya Malamulo, za makhoti, za makhansala ndi za masankho, dziwani kuti nafenso tinawaphunzira mawu amenewa, kungoti ambiri mwa iwo tinayamba tawaona ndi maso tisanawalembe pasileti. Kwathu kwa Mbang'ombe, m'dziko la Katete, liwu lililonse la ulamuliro linali ndi mwini wake woyenda ndi miyendo iwiri, munthu amene tinkadziwa ndodo yake, mayendedwe ake ngakhale katsokomoledwe kake. Wina akati nyakwawa, m'maso mwathu munkabwera nkhalamba ya nsalu yakuda paphewa. Akati kapaso, tinkamva kale kulira kwa belu la njinga. Akati msonkho, tinkaona abambo athu akusuzumira m'nkhokwe n'kupukusa mutu. Choncho pamene aphunzitsi anadzayamba kutiuza za kayendetsedwe ka dziko, anapeza mudzi utalima kale mizere, iwo n'kungoponyamo mbewu.

Sukulu yathu yoyamba ya zimenezi inali bwalo, pansi pa kachere wamkulu amene mizu yake inali itasalala chifukwa chokhalidwa. Ife ana sitinkaitanidwa, komanso sitinkapirikitsidwa. Ntchito yathu inali kunyamula timipando ndi zikopa za mbuzi, kutunga madzi akumwa m'chipanda ndi kuingitsa nkhuku, ndipo tikatha tinkakhala kumbuyo kwenikweni titapinda miyendo, fungo la fodya wamphuno wa agogo ndi utsi wa chitsa chonyeka pang'onopang'ono zikutipeza komweko. Milandu yake inali ya pamudzi: ng'ombe zalowa m'dimba la mwini, wina walima modumpha malire a munda, mkamwini wanyoza apongozi, kapena mbuzi yasowa ndipo chikopa chake chapezeka kuseri kwa nkhokwe ya munthu. Wodandaula ndiye ankayamba, ataomba m'manja, ndipo palibe ankamudula mawu ngakhale azungulire chotani. Akatha, nduna inkabwereza zonse zimene wanena, n'kumufunsa kuti, "Tanena zanu kodi, kapena tawonjezapo zathu?" Kenako woimbidwa mlandu naye ankapatsidwa bwalo lonse, mboni zinkaitanidwa, ankhoswe n'kuikapo mawu, ndipo mfumu, imene nthawi yonseyi inali duu ikulembalemba pansi ndi kamtengo, inkalankhula pomalizira penipeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero akuluakulu, ndipo mfumu yopupuluma pakamwa sinkachedwa kutha ulemu.

Wolakwa ankalipa nkhuku, kapena mbuzi ngati mlandu unali wolemera, koma chimene akuluakulu ankasamala kuposa chindapusa chinali chakuti anthu awiriwo athe kudzapalana moto mawa lake. Amene sanakhutire sankatsekeredwa njira. Ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo mfumu, koma mtima wanga sunatsike," ndipo mlandu unkakwera kwa mfumu yaikulu, kwa Mbang'ombe, kwa Kawaza kapena kwa Kathumba malinga ndi kumene munthuyo ankakhala, ndipo pamwamba pa onsewo panali Kalonga Gawa Undi. N'chifukwa chake tsiku limene aphunzitsi anajambula pabolodi makwerero a makhoti, kuyambira ku lokolo khoti, amene anakhazikitsidwa mu 1966 m'malo mwa makhoti a mafumu a m'nthawi ya atsamunda, kukwera kwa majisitireti mpaka kukhoti lalikulu, ife a kumudzi tinangogwedeza mitu. Tinkadziwa kale kuti mlandu suola, ndiponso kuti woweruza aliyense ali ndi womuposa.

Ndinaonapo kamodzi akulonga nyakwawa, ndili wamng'ono ndithu, ndipo zimene ndinaona tsikulo sizinandichoke. Ufumu kwathu umatsata kuchikazi, ndiye wolowa dzina anali mphwake wa malemu, mnyamata amene anachita kumuitanitsa kuchokera ku migodi. Amene anamuloza anali azimayi a mbumba, atakhala paokha m'nyumba usiku wonse, ndipo amuna anangolandira dzina. Atamukhazika pamphasa, nkhalamba zinkabwera imodziimodzi, iliyonse n'kuponya kandalama m'mbale, kenako n'kumulanga poyera, anthu onse akumva: usiye ndewu, usamayende usiku m'makomo mwa eni, mlendo akafika usamufunse za kwawo asanadye, mlandu wa m'bale wako uziudula ndi mpeni womwe ukudulira wa mlendo. Agogo ena aakazi anamuuza kuti mfumu ndi dzala, zinyalala zonse za mudzi zimatayidwa pa iyo, ndipo isamanyansidwe. Munthu wamkulu wa ndevu zake anakhala chozyolika, osayankha. Lero mabuku anu amati palibe munthu woposa lamulo. Ife tinaona mfumu ikulangidwa ndi amayi opanda nsapato.

Boma la Azungu tinalipeza likutsazika, koma tinalilawako. Nkhope yake kumudzi inali ya mesenjala wa ku Boma, wa yunifomu yabuluu ndi chisoti chofiira, amene akangotulukira kumapeto kwa mudzi agalu ankauwa, amuna ena n'kuzemba kulowera kudambo. Ankabwera kudzanena kuti Bwana Disi ali paulendo, ndiye njira ilambulidwe, zimbudzi zikumbidwe, ufa ndi mazira zisonkhedwe. Disiyo akafika ankakhala pampando wopinda patsogolo pa tenti, kalaliki n'kumaitana mayina m'buku la kalembera, ndipo mwamuna aliyense wamkulu ankaonetsa chitupa chake kuti aone ngati wakhoma msonkho. Msonkho umenewu ndi umene unkachotsa amuna m'midzi kupita kumafamu a fodya a kufupi ndi Fort Jameson, ku migodi, ku Salisbury mpaka ku Johannesburg, ena osabwerakonso, amene tinkawatcha matchona. Za Chitaganya, chimene chinamanga pamodzi Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka kumapeto kwa 1963, tinkangomva akuluakulu akunong'onezana pamowa, dzina la nduna yake yaikulu, Welensky, akulitchula molavula. Kwa mwana wa nthawi imeneyo boma chinali chinthu chobwera kudzatenga.

Ndiye kunabwera tsiku la 24 Okutobala 1964. Ine ndinali mu Sabu B, pasukulu ya njerwa zosaotcha ndi denga la udzu, imene pansi pake atsikana ankazira Lachisanu lililonse, ndipo belu lake chinali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango. Kunaphedwa ng'ombe, azimayi anavina chimtali mpaka fumbi kutsekereza dzuwa, gule anatuluka kudambwe, ndipo ife tinaguba pabwalo la mpira titanyamula timbendera tapepala. Ahedi anatiuza kuti usiku wapitawo ku Lusaka mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ndipo yathu inakwera, kuti dzina la dziko tsopano ndi Zambia, ndi kuti wolamula ndi munthu wakuda ngati ife, Kenneth Kaunda, amenenso kale anali mphunzitsi. Mawu omalizawa ahedi anawanena kawiri.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unkayamba ndi mbendera. Mlongoti wake unali wa bulugamu, wozunguliridwa ndi miyala yopaka laimu, ndipo kusankhidwa kuti ukoke chingwe chinali chinthu chokanena kunyumba. Tinkafola mame akali m'mapazi, m'manja mukununkha utsi wa mbatata yootcha imene tabisa m'thumba, ndipo nyimbo ya fuko ikayamba panalibe wokanda ngakhale pamene ntchentche yatera. Mayi wodutsa ndi mtsuko pamutu ankaima pomwepo mpaka ithe. Mitundu ya mbendera tinkailoweza moimba: wobiriwira ndi nthaka ndi zomera zake, wofiira ndi magazi a omenyera ufulu, wakuda ndi ife eni dziko, wachikasu chofiirira ndi mkuwa wa pansi pa nthaka, ndipo nkhwazi ndi mtima wa anthu wouluka pamwamba pa mavuto. Ambiri mwa ife tinali tisanaionepo nkhwazi, pakuti kwathu kulibe mtsinje waukulu, ndiye mnzathu wina amene anafikako ku Luangwa ankatiyeserera kulira kwake, ife n'kumupatsa ulemu wa munthu woyenda. Koma chimene chinakondweretsa makolo athu chinali chizindikiro cha dziko. Atachiona pachikuto cha kope, ali ndi mbidzi, chimanga, mgodi, mathithi a Mosi-oa-Tunya, mwamuna ndi mkazi ataima uku ndi uku, malume anga analoza pamwamba pake n'kunena kuti, "Taonani, khasu lathu lomweli alikweza pafupi ndi nkhwazi." Kope limenelo sanalole kuti wina ang'ambeko pepala lopichirira fodya.

Kenako panali mayina a nduna, amene tinkawatchula onse pamodzi mokweza mpaka a kalasi yoyandikana nayo kudandaula: Reuben Kamanga wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Simon Kapwepwe nduna ya za kunja, Arthur Wina wa za chuma, Mainza Chona wa za m'dziko, John Mwanakatwe wa za maphunziro. Pa dzina la Kamanga tinkakweza mawu kwambiri, poti anali wa kuno kum'mawa. Wophonya ankalandira kamkwapulo ka mpichesi m'manja, ndipo sindinena kuti kamtengoko kankathandiza kukumbukira, ngakhale mayinawo ndikuwatchula mpaka lero. Aphunzitsi ankabwera ndi nyuzipepala ya Tsopano, yolembedwa m'chinenero chathu, n'kutionetsa chithunzi cha Nyumba ya Malamulo ya ku Manda Hill yovekedwa mkuwa, n'kutiuza kuti m'menemo muli bwalo ngati lathu lomwe, lokhala ndi Sipikala woletsa anthu kulankhula awiriawiri. Mu 1968, pamene kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, ife ana ndi amene tinatumidwa kukaphunzitsa makolo kuti ngwee 10 ndiye sheleni, ndipo ngwee 100 ndiye kwacha. Kameneko kanali koyamba kuti boma litume mwana kwa mkulu. Agogo anga anamvetsera mwaulemu, n'kupitiriza kuwerenga m'masheleni mpaka tsiku limene anatisiya.

Nditakula ndinakaphunzira uphunzitsi ku Chipata, dzina limene linali litalowa m'malo mwa Fort Jameson, ndipo nditagwira choko ndinapeza zinthu zitasintha pawiri. Choyamba, kuyambira 1966 ana ankaphunzira m'Chingerezi kuchokera mu Giredi 1, kotero kuti mwana wa kwa Kawaza, amene kunyumba sanamvepo liwu limodzi la Chingerezi, ankatha kutchula nthambi zitatu za boma mosaphonya koma osadziwa kuti akunena chiyani. Ine ndinkati tikatha kuloweza za mayeso, ndinkatseka buku, n'kuwatulutsa panja pamthunzi, n'kuwauza m'chinenero chathu kuti boma lili ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu, opanga malamulo, oyendetsa dziko ndi oweruza milandu, ndipo fuwa limodzi likatalika kuposa anzake nsima imatayikira pamoto. Tikatero tinkachita bwalo: wina mfumu, wina nduna, wina mwini mbuzi. Ana amene m'kalasi ankakhala ngati osalankhula ankadula milandu mwanzeru zoti ndikanakonda oyendera sukulu akanamva.

Chachiwiri chinali chovutirapo kuchifotokoza. Mu Disembala 1972, pambuyo pa bungwe lofufuza maganizo a anthu lotsogozedwa ndi Mainza Chona, dziko linakhala la chipani chimodzi, UNIP, ndipo mawu amene tinkaphunzitsa anakhala akuti Chipani ndi Boma lake, chipani patsogolo, boma pambuyo. Ana anayenera kudziwa makwerero ena atsopano: sekishoni, bulanchi, wadi, mpaka Komiti Yaikulu ya chipani ndi mlembi wake wamkulu, udindo umene Grey Zulu wa ku Chipata anaugwira zaka zambiri. Ku Boma kunali bwanamkubwa, ndipo ku Lusaka kunali nduna yaikulu. Kaunda ankakonda kusinthasintha nduna zake, moti mphunzitsi wanzeru ankalemba mayinawo pabolodi mopepuka, chofufutira chili pafupi. Unkaphunzitsa lero kuti nduna yaikulu ndi Chona, posakhalitsa wailesi ikuti ndi Elijah Mudenda, kenako Chona yemweyo, kenako Daniel Lisulo, Nalumino Mundia, Kebby Musokotwane, mpaka Malimba Masheke. Panalinso phunziro la Humanism, lonena kuti munthu ndiye ayenera kukhala pakati pa zonse. Limeneli silinkativuta, pakuti tikamatenga ana kukafolera nyumba ya nkhalamba kapena kukalambula kuchipatala, makolo ankati, "Imeneyi ndi dima, tinayamba kale." Mutu umodzi susenza denga, ndipo sitinachite kudikira buku kuti litiuze.

Anzanga a msinkhu wanga, tisanamizane, tsabola wakale sawawa koma nthawi yake ankawawa ndithu. Tcheyamani wa sekishoni ankadziwa mlendo aliyense wogona m'mudzi, zimene zinkathandiza pakasowa ng'ombe, koma zinkachititsanso munthu kuyang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Anyamata a chipani ankatha kuima pakhomo la msika kapena la basi n'kufuna khadi, mayi wopanda khadi n'kubwerera ndi dengu lake la tomato. Pa masankho a aphungu anthu ankasankhadi, pakati pa anthu a chipani chimodzi chomwecho, ndipo phungu waulesi ankagwa ndithu. Koma pa mtsogoleri wa dziko dzina linali limodzi, iwe n'kungovomera kapena kukana, ndipo ambiri mukukumbukira chaka chimene chizindikiro cha inde chinali nkhwazi, cha ayi n'kukhala chule. Mwana wina wa Giredi 6, wamaso akuthwa, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga chule akapambana adzakhala ku State House?" Kalasi yonse inaseka, ine n'kuyang'ana kuzenera kaye ndisanayankhe. Safunsa anadya phula, ndipo mwanayo anafunsa funso limene akuluakulu ambiri ankalimeza.

Kumene ndinaphunzira kulemera kwa mawu akuti malire ndi nzika ndi ku Vubwi, kwa Pembamoyo, kumene ananditumiza m'zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo dera limeneli linali pansi pa Chadiza, ndipo mvula ikagwa msewu wa m'mapiri muja unkasanduka phala, malipiro n'kumachita kuwatsata pa njinga. Dzikolo lapanikizika pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndipo ana a m'kalasi mwanga ena amayi awo anali a ku Mchinji, ena agogo awo ankalima tsidya la Mozambique, onse Achewa, onse a Phiri ndi a Banda, maliro amodzi, gule mmodzi. Wailesi ya ku Malawi inkamveka bwino kuposa ya ku Lusaka, kotero sizinali zachilendo kufunsa kuti mtsogoleri wa dziko lathu ndani, kamwana n'kuimirira molimba mtima n'kuyankha kuti Kamuzu Banda. Pamapu malire unali mzere wofiira wonenepa, koma pansi kanali kanjira kodutsa pakati pa minda ya mtedza, kamene mbuzi zinkaoloka m'mawa n'kubwerera madzulo.

Nkhondo ya ku Mozambique, ya Frelimo ndi Renamo, ndi imene inaunenepetsa mzerewo. Chakumapeto kwa zaka zimenezo zigawenga zinayamba kuolokera m'midzi ya m'malire ya Chadiza, Katete ndi Petauke, kulanda ng'ombe ndi kupha anthu, ndipo panali nyengo imene mabanja ankadya kukali kowala n'kukagona kuthengo, ana n'kubwera kusukulu udzu uli m'tsitsi. Asilikali a dziko lathu anamanga misasa, ndipo kwa nthawi yoyamba ana anaona ndi maso chimene buku linkatanthauza ponena kuti ntchito ya boma ndi kuteteza anthu ake. Abale athu a tsidya lija anabwera ndi mitolo pamutu, ndipo midzi inawalandira isanafunse boma, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pambuyo pake ambiri anatengedwa kupita ku Ukwimi, kumene nthawiyo kunali m'boma la Petauke, mpaka mtendere utabwera mu 1992. M'masiku amenewo reji, kakhadi kobiriwira kamene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16, kanasanduka chinthu chogona nacho kumutu. Ndipo taonani, pa kakhadi ka boma kameneka amalembapo mudzi wako ndi mfumu yako, kusonyeza kuti ngakhale Lusaka amakudziwa kudzera kwa nyakwawa.

M'zaka zomwezo, mu 1984, Kalonga Gawa Undi Chivunga anadzutsa mwambo wa Kulamba, umene atsamunda anauletsa mu 1934. Amene mwapitako ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti mukudziwa fumbi lake, kununkhira kwa nyama yootcha, ndi mkokomo wa "Yooo Gawa!" Koma ine chimene ndinkafuna kuti ana a sukulu aone si gule yekha ayi. Ndinkafuna aone mafumu a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique akubwera mmodzimmodzi, aliyense kudzanena za dziko limene anapatsidwa kuti asunge, ngati anthu akolola, ngati kuli matenda, ngati kuli mtendere. Wopatsidwa udindo amabwerera kwa womupatsa kukafotokoza mmene wayendetsera. Mu 2007 atsogoleri atatu a mayiko, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pabwalo limenelo ngati alendo a Kalonga.

Chaka cha 1991 chinandipeza ku Sinda, m'mbali mwa msewu waukulu wa kum'mawa, ndipo monga aphunzitsi ambiri ndinagwira nawo ntchito ya masankho a pa 31 Okutobala, oyamba a zipani zambiri kuchokera pamene chipani chimodzi chinakhazikitsidwa. Kalasi imene ndinkaphunzitsiramo ndi imene inasanduka malo oponyera voti, madesiki atakankhidwira kukhoma, zojambula za ana zikali pamwamba. Nkhalamba zinafika kusanache, zitavala majekete a kutchalitchi, ndipo mayi wina wokalamba atalandira pepala lake anandinong'oneza kuti, "Mwanangu, kodi m'kachipindamo mulibe wondiona?" Nditamutsimikizira, analowa, n'kukhalitsamo ndithu, ndipo potuluka anayang'ana inki ya pachala chake n'kuseka yekha. Zotsatira zake mukuzidziwa: Frederick Chiluba ndi chipani chake cha MMD anatenga mipando 125 mwa 150, UNIP n'kutsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyo inali yonse ya chigawo chathu cha kum'mawa. Kuno kunagwa chisoni ndi mantha, anthu akufunsana kuti popeza tavotera wogonja, kodi feteleza tidzamuonanso, kodi sukulu sazitseka? Kaunda anavomera kugonja n'kutuluka mwamtendere, sukulu zinatsegulidwa, mbendera inakwera yomwe ija. Sabata yotsatira ndinaphunzitsa phunziro limene m'buku munalibe, lakuti munthu angathe kuvotera wogonja n'kukhalabe mwini dziko, ndiponso kuti otsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo si adani, koma ndi anthu okhala tsidya lina la bwalo lomwelo.

Za pambuyo pake mukuzidziwa kuposa ine. Mu 2012 Michael Sata anadula Sinda kuchokera ku Katete ndi Petauke, n'kudulanso Vubwi kuchokera ku Chadiza, kotero kuti mwana wa kwa Nyanje kapena wa kwa Pembamoyo lero ali ndi Boma lake pafupi, disi wake ndi khonsolo yake. Pa masankho a 2021 Katete inali ndi aphungu a Mkaika ndi Milanzi, Sinda inali ndi a Sinda ndi Kapoche, Vubwi n'kukhala ndi mmodzi, mwa aphungu 156 osankhidwa m'dziko lonse. Adzukulu anga amadziwa kuti zigawo ndi 10 pamene ife tinaloweza 8, kuti kuyambira 2016 wofuna kukhala mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti opitirira theka, kuti wapampando wa khonsolo timamusankha tokha, ndi kuti Sipikala angathe kukhala mayi, monga Nelly Mutti. Amadziwanso za ufulu wa mwana, kuti mtsikana asakwatiwe akali pasukulu, zimene bwalo lathu lija, ndi nzeru zake zonse, silinkazilabadira. Pamenepa ndimawagwadira, ndipo sindichita manyazi kutero.

Chimene chimandidandaulitsa pang'ono n'chakuti mawu achuluka koma nkhope zachepa. Ndikafunsa mdzukulu wanga ntchito ya khansala, amandiyankha bwino lomwe monga mwa buku. Ndikamufunsa kuti khansala wa wadi yathu ndani, amakanda m'mutu. Bwalo likalipo, nyakwawa ikudulabe milandu, koma kumbuyo kuja kumene tinkakhala ife kulibe ana, ali kusukulu kapena aunjikana pa foni ya mkulu wawo, ndipo akulu nawonso amawathamangitsa kuti za akuluakulu sizikuwakhudza. Chikhalirecho zokamba zilipo zambiri kuposa kale. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha dera la phungu zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo makomiti a m'mawadi amakhala pansi kukambirana ngati ayambe ndi mjigo, mlatho, madesiki kapena nyumba ya anamwino. Misonkhano imeneyi kawirikawiri imachitikira pasukulu pomwepo, pansi pa mtengo, ana ali m'kalasi kuloweza za boma m'buku, pamene boma lenilenilo likukangana panja pa zenera lawo. Ndikanakhala ndikali ndi choko m'manja, ndikanawatulutsa kuti akakhale kumbuyo, apinde miyendo, amve mmene mayi wa kumudzi wakutali akuumirira kuti mjigo ukumbidwe kwawo, ndi mmene wapampando akumuyankhira. Kuongola mtengo m'poyamba.

Komabe pali tsiku limodzi limene ana amakhala patsogolo, ndipo limandisangalatsa. Masankho akatha, kuwerenga kukachitika usiku wonse ndi nyali, zotsatira za pamalopo amazimata pakhomo la kalasi kuti aliyense adzionere. M'mawa mwake anthu amakhamukirako, ena ndi makasu paphewa, ndipo popeza ambiri a ife maso anafooka, ena sukulu sanapiteko, amene amawerenga ndi ana. Amakankhana, amakwera pa njerwa, wina akufuula dzina, wina nambala, wina akutsutsa kuti mnzake wawerenga mzere wolakwika, nkhalamba zikufunsa kuti, "Bwerezanso mwanawe, wa khansala wapeza zingati?" Kenako amathamangira m'midzi kukanena, aliyense kufuna kukafika woyamba.